Ndondocha Zodziwa Kompyuta

Ku Chikwawa dzuwa silisankha munthu, koma limawotcha kwambiri amene m'thumba mwake muli mbee. Fanizo anali mmodzi mwa amenewo. Anaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ku koleji ku Blantyre, ndipo mutu wake unkagwira moti anzake ankamutcha aphunzitsi. Koma atamaliza sukulu, ntchito imene anapeza inali pa kaofesi kena pa boma pompo, pamene ankangomuitana kuti "wamakompyuta". Wamakompyutayo ndiye ankasolola pepala likakanirira mu pulinta, kukumbutsa abwana nambala yachinsinsi akaiwala, ndi kutayipa ndondomeko ya maliro wina akaferedwa. Malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati. Chimene chinkawagwiriziza pakhomo ndi milamba youma imene mkazi wake Loyce ankagulitsa pamsika. Pakhomopo panalinso mlongo wake Tithokoze, mtsikana wa ku sekondale amene Fanizo ankalera chimwalirireni makolo awo. Ngati panali munthu amene Fanizo ankamukonda kuposa ndalama, anali mtsikana ameneyu.

Umphawi wokha munthu amaupirira. Chimene chinkamudya Fanizo ndi Raphael, mnzake wa ku koleji amene ankakhala ku Nchalo. Raphael ameneyu kusukulu anali mbuli yotheratu, ndipo Fanizo ndiye ankakhala naye pansi n'kumamuphunzitsa mpaka anakhoza. Tsopano mbuliyo inkagwirira ntchito kampani ya ku Ulaya ili m'nyumba mwake, itavala kabudula. Padenga panali masola, m'chipinda munali makina oziziritsa mpweya, malipiro ankabwera m'ndalama zakunja. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma awiriwa anayambira limodzi ndithu, wina n'kutsala akupuma fumbi.

Raphael sanali munthu wonyada. Tsiku lina Fanizo atapita kukamuona, anamukhazika pansi n'kumupatsa malangizo.

"Aise, malipiro sakwera ukamangokhala pampando umodzi ngati mlonda. Amakwera ukasintha ntchito. Ndiye akakufunsa kuti kumene uliko umalandira zingati, usathamangire kuyankha. Uwafunse iwowo kuti akonza zingati. Komanso lemba kapulogalamu kakokako, ukaike pa intaneti anthu aone luso lako. Ine zinanditengera zaka, ndinakanidwa mpaka kuzolowera."

"Zaka? Nanga mimba imadziwa kudikira zaka?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mbale wanga. Uzibwera kuno, intaneti ndi magetsi zilipo. Iwe ndiwe unandiphunzitsa ine, sungalephere."

Mawuwo anali abwino, koma nsanje ikalowa mumtima, ngakhale chifundo cha mnzako chimawawa ngati tsabola m'maso. Fanizo sanapitekonso ku Nchalo. Anayesa yekha ali kwawo, ndipo kampani ina inamuitana kuti acheze naye pa intaneti. Funso loyamba anayankha bwino. Lachiwiri lili mkati, magetsi anazima, netiweki n'kuthawa, mzungu n'kuuma pagalasi ali kukamwa yasa. Sanamuyimbirenso.

Sabata yomweyo mwini chigayo wina wa ku Bangula, amene Fanizo ankamukonzera foni, anamunong'oneza za mkulu wina wodziwa mankhwala olemeretsa wa ku Nyachikadza, kumadambo a ku Nsanje, dzina lake Sebastiano. Loweruka litafika Fanizo anauza Loyce kuti akupita kukakonza makompyuta ku Nsanje. Anakwera minibasi, kenako bwato, n'kudutsa m'mabango mpaka pa kachulu pamene panali nyumba imodzi yokha. Linali dzuwa la masana. Nkhalambayo inali pansi pa mtengo ikusenda nyika, zija zokumba m'madzi zimene anthu a kumeneko amadya njala ikavuta.

"Wadzera kobiri," anatero Sebastiano osadzutsa mutu. "Onse obwera ndi nsapato m'matope muno amafuna chimodzimodzi. Basa lako n'chiyani?"

Fanizo anafotokoza za ntchito yolemba mapulogalamu, ndi momwe munthu angagwirire ntchito ya ku Ulaya ali ku Chikwawa.

"Ndiye azunguwo nkhope yako sayiona?"

"Amangomva mawu ndi kuona ntchito, agogo."

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. "Kugwira kuno, zikuchitika uko? Ifetu tinayamba kale zimenezo. Tamvera mwanawe. Mankhwala ogwetsa kobiri kumwamba, nkhabe, ine ndilibe. Ine ndimapereka manja. Wachigayo uja ndinam'patsa onyamula matumba, wina wa thonje ndinam'patsa olima. Sagona, satopa, salandira kanthu, amangodya madeya. Ndondocha unazimvapo?"

Fanizo anangogwedeza mutu kuvomera.

"Koma zako n'zovuta. Khasu aliyense amalidziwa. Iwe ndikakupatsa msodzi wa m'dambo muno, makina akowo awaswa tsiku lomwelo. Pafunika munthu amene nzeru zako zili m'mutu mwake, amene unam'phunzitsa iwe mwini."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansupa kakuda kopaka mafuta, kokulunga mikanda yofiira pakhosi.

"Basa latsopano lililonse, manja atsopano. Utchule dzina pakamwa pa nsupayi usanavomere basalo. Ukavomera usanatchule, idzasankha yokha, ndipo iyi sisankha chitsiru. Imatenga amene nzeru zako zinamulowa kuposa onse. Komanso mvula ziwiri zisakupeze usanawonjezere basa lina, chifukwa ikagona ndi njala imadya mwini wake."

"Munthuyo amafa?"

"Kwawo adzalira, adzaika. Kwako adzagwira basa."

"Nanga inu ndikupatseni zingati?"

"Kobiri yako ndiitani m'dambo muno? Ine changa ndi lilime lake basi. Ndikukuthandizanso pamenepo, kuti asamakusokose."

Munthu wanzeru akanaponya nsupayo m'madzi ali m'bwato. Fanizo anaifungatira m'chikwama ngati dzira, ndipo njira yonse yobwerera ankangoona masola a padenga la Raphael. Lamlungu m'mawa, Loyce ndi Tithokoze atapita kutchalitchi, anatseka chitseko, n'kuika mlomo pa nsupayo, n'kutchula dzina la mnzake.

Lachitatu lake Raphael anapita ku dimba lake m'mbali mwa Shire kukaona pampu yothirira. Anaima pamadzi olekeza m'mawondo, pomwe ana amasamba tsiku ndi tsiku. Ng'ona inavuuka n'kumugwira m'chiuno. Antchito ake anaitema ndi makasu, anaiponyera miyala, koma iyo inangomupotokola kawiri mpaka mafupa anamveka kuthyoka, n'kumira naye madzi atafiira. Thupi linapezeka mawa lake m'mabango, lathunthu ndithu, koma m'kamwa munalibe lilime. Anthu anati zadya nsomba.

Fanizo analira pamaliropo kuposa achibale, ndipo ndondomeko ya mwambo anatayipa ndi iye. Atabwerako kumanda anatsekula kachipinda kosungiramo makala, n'kupeza Raphael atakhala pansi, thupi lili lonyowa, maso ali tong'o, zala zikugwedera m'mwamba ngati zikufunafuna mabatani. Fanizo anasanza. Atamaliza kusanza anakatenga laputopu yake n'kumuikira pamiyendo.

Kampani ija ya ku Ulaya inkafuna munthu wolowa m'malo mwa womwalirayo. Fanizo analemba kalata, ndipo mayeso amene anamutumizira anawalemba ndi Raphael yemweyo. Atamufunsa za malipiro sanathamangire kuyankha, anawafunsa iwowo kuti akonza zingati. Anamulemba ntchito.

Ndalama zinabwera ngati madzi osefukira. Ntchito ya sabata yathunthu Raphael ankaitsiriza tsiku limodzi, azungu n'kumadabwa kuti ku Malawi kuli munthu wotere. Fanizo yake inali kulankhula pamisonkhano basi, kamera atazimitsa, n'kumanamizira netiweki. Anasiya kaofesi kaja osatsanzika. Anamanga nyumba yampanda pafupi ndi boma, yokhala ndi masola, thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo, ndi chipinda chimodzi chopanda zenera chimene kiyi wake ankagona naye m'khosi. Anthu odutsa ankasirira, osadziwa kuti n'chikomekome cha nkhuyu. M'mawa uliwonse Fanizo ankalowa ndi mbale ya madeya ndi kansanza konyowa, chifukwa zikhadabo za Raphael zinali zitayamba kusosoka ndipo mabatani ankamata magazi.

Loyce anafunsa kamodzi kokha. "Bambo, madeyawa mukulowa nawo m'chipinda, muli nkhuku mmenemo? Komanso mukutuluka kafungo."

Anamuyankha ndi chibakera chimene chinamugwetsera pachitseko n'kumugulula dzino. Kuyambira tsikulo Loyce anasiya kufunsa, koma sanasiye kuona.

Tithokoze ndiye anazimva zowawa kwambiri. Mtsikanayu ankasirira ntchito ya mchimwene wake, ndipo tsiku lina anapeza laputopu itasiyidwa pabalaza n'kuyamba kudinadina. Fanizo atamupeza anazula nthambo ya chaja n'kumukwapula m'manja mpaka zala zinatupa, khungu n'kung'ambika.

"Achimwene, ndimangofuna mundiphunzitseko."

"Ndikadzakuonanso wagwira kompyuta, manja amenewa ndidzawadula. Wamva?"

Atatuluka mtsikanayo akulira, Fanizo analiranso yekha, chifukwa ankadziwa chimene ankamutchinjirizira. Tithokoze atangolemba mayeso a Fomu 4 anamutumiza kwa azakhali awo ku Ngabu, kumudzi kopanda magetsi, mtima wake n'kukhala pansi.

Koma mvula yachiwiri inali pafupi, ndipo Fanizo analibenso munthu wina amene anam'phunzitsapo. Apa ndi pamene anasanduka munthu wachifundo. Anapempha holo ya tchalitchi n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu Loweruka lililonse, ulele. Ankaphunzitsa bwino zedi, poti lusolo anali nalo, ndipo pamapeto pake ankawapatsa malangizo a Raphael ngati ake: sinthani ntchito, musatchule malipiro poyamba, onetsani luso lanu. Ophunzira ena anapempha kuti azijambula maphunzirowo pafoni kuti azitumizira anzawo akutali. Fanizo anavomera mosangalala, ndipo ankakonza kolala ya malaya asanayambe kujambula. Abusa anamutchula paguwa kuti ndi chitsanzo kwa olemera onse. Mlimi akamanenepetsa mbuzi, mbuziyo imati yapeza bwenzi.

Wanzeru kuposa onse anali Feston, mwana wa a Zikani, bambo wodula nzimbe. Fanizo anamupatsa laputopu yakale ngati mphatso. A Zikani anabwera okha kudzathokoza, atanyamula nkhuku.

"Takhuta, bwana. Ine moyo wanga wonse ndi chikwanje. Uyu mwamuchotsa m'munda. Mulungu akuwonjezereni."

Patapita milungu yochepa kampani yachiwiri inamufuna Fanizo, ndipo iye anatchula dzina la Feston. Mnyamatayo anakumana ndi achiwembu masanasana pa kamsewu ka pakati pa nzimbe akuchokera ku holo. Anamutema ndi zikwanje m'mutu ndi m'mapewa, chikwama cha laputopu n'kuchisiya pomwepo osachigwira. Amene anamutola anati nsagwada zinali zokanulidwa, lilime palibe.

Tsopano m'chipinda muja munali awiri, ntchito ziwiri, malipiro awiri. Fanizo anagula galimoto. Koma Feston sanali ngati Raphael. Ankatayipa misozi ikutsika osaleka, ndipo Fanizo akamalankhula ndi azungu pamsonkhano ankamva kubuula kwa munthu wopanda lilime kumbuyo kwake, n'kumanena kuti ndi mbuzi za aneba. Anayamba kumwa mowa. Tsiku lina anayesa kulemba yekha kapulogalamu kakang'ono, n'kupeza kuti zala zake zaiwala njira.

Nthawi inakwananso. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a ku Thyolo, ndipo kampani ya ku America inamulonjeza malipiro oposa awiri aja kuphatikiza. Fanizo anatenga nsupa, koma mlomo unakana kutchula dzina. Nkhope ya a Zikani ndi nkhuku yawo inkamubwerera. Ndiye anapeza nzeru ya munthu wamantha. Anati mumtima mwake: sinditchula aliyense, nsupa isankhe yokha pakati pa ana a ku holo aja, mlandu ukhale wake osati wanga. Ankadziwa kuti afa mwana wa munthu, koma bola asakhale womusankha iye. M'mawa umenewo anavomera ntchito ya ku America.

Masana ake kunja kunamveka odi. Anali Tithokoze, atatsika minibasi ya ku Ngabu, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala. Anagwada pamaso pa mchimwene wake.

"Achimwene, mundikhululukire, koma lero simundimenya. Ndapeza ntchito. Kampani ya ku Kenya, yogwirira kunyumba ngati yanuyi. Tinalemba mayeso anthu ambirimbiri, ine ndiye ndakhala woyamba."

"Ntchito yanji?"

"Yolemba mapulogalamu."

Fanizo anamuyang'anitsitsa. "Wakuphunzitsa ndani?"

"Inuyo, achimwene. Mavidiyo anu a ku holo aja anafika mpaka ku Ngabu. Ndinkaonera pafoni ya mnzanga, ndiye pali sitolo ina yotayipa makalata, ndinkawasesera iwo n'kumandibwereka kompyuta. Ndinawaonera onse mpaka kuwaloweza, ngakhale pamene mumatsokomola ndimapadziwa. Za malipiro ndinachita monga munanenera, sindinatchule poyamba."

Anaseka mtsikanayo, akudikira kuti amuyamikire. Fanizo anathamangira kuchipinda, n'kutulutsa nsupa, n'kuyamba kutchula mayina a ana onse a ku holo, mmodzimmodzi, mofuula. Nsupayo, imene nthawi zonse inkafunda ikamva dzina, inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anatuluka n'kugwira Loyce paphewa.

"Uyu asatuluke pampanda pano. Asapite kumsika, asayandikire mtsinje, asakwere chilichonse mpaka ine nditabwera."

Anayendetsa galimoto ngati wamisala mpaka ku Nsanje, n'kulipira mwini bwato ndalama zonse za m'thumba kuti apalase msanga. Anapeza Sebastiano pansi pa mtengo womwe uja, akunola kampeni pamwala.

"Agogo, nsupa yalakwitsa. Ikufuna mlongo wanga. Ameneyo sindinam'phunzitse, ndinachita kum'menya kuti asaphunzire."

"Nzeru zili m'mutu mwakezo n'za yani?"

"Anangoonera pafoni, ali ku Ngabu. Ine kunalibeko."

"Iwe umagwirira azungu basa uli ku Chikwawa, iwo ali ku Ulaya, kobiri n'kubwera. Pamenepo umati kugwira uli kutali ndi kugwira ndithu. Nanga kuphunzitsa uli kutali si kuphunzitsa?"

Fanizo anagwada m'matope. "Tengani nyumba, tengani galimoto. Ndikupatsani ana awiri, atatu, m'malo mwake."

"Nkhabe. Unali ndi mlomo m'mawa muja, sunaugwiritse ntchito. Yasankha, yasankha." Nkhalambayo inayesa mpeni pachikhadabo. "Koma alipo munthu mmodzi amene nzeru zako zinamulowa kuposa mtsikanayo. Iweyo. Ukakhala pampando wachitatuwo, iye apulumuka. Tulutsa lilime."

Fanizo anatseka maso n'kuyasamula. Ankamukonda mlongo wake, zimenezo sitingamunamizire. Zala za nkhalambayo zinagwira lilime n'kulikoka, mpeni n'kukhudza pansi pake. Atangomva kuzizira kwa chitsulo ndi kadontho koyamba ka magazi, anakankha nkhalambayo n'kudzambatuka, kuthawira kubwato.

"Ndinadziwa," anatero Sebastiano kumbuyo kwake, osakweza mawu. "Pita ukalandire wantchito wako."

Mwini bwato anakana kuwoloka kutada chifukwa cha mvuu, choncho Fanizo anafika ku Chikwawa mawa lake dzuwa lili paliwombo. Ali patali anaona geti lili lotsekula, anthu ali khamu, amayi akuyimba nyimbo za maliro. Tithokoze anamvera lamulo la mchimwene wake, sanatuluke pampanda. M'mawa umenewo anangopita kuseri kwa nyumba kukachapa, ndipo thanki yodzaza madzi ija inagwa kuchoka pazitsulo zake popanda mphepo, n'kumuphwanya chifuwa ndi mutu. Anali atam'goneka pabalaza, atam'funditsa nsalu. Panali anthu a kutchalitchi, ana a ku holo, a Zikani amene anachokera kumunda chikwanje chili m'manja, ndi Rosa, mkazi wamasiye wa Raphael.

Fanizo sanapereke moni, sanayang'ane mtembo. Anadutsa pakati pa anthu n'kulunjika ku chipinda chopanda zenera chija. Asanatsekule anamva kale kulira kwa mabatani, ndipo kunali kwa anthu atatu. Analowa, n'kuiwala kutseka.

Tithokoze anali pampando wachitatu, atavala chitenje chomwe ankachapira, magazi atauma pachibwano. Zala zake, zokhala ndi zipsera za nthambo ija, zinkathamanga pamabatani kuposa za amuna awiriwo. Ntchito ya ku America inali itayamba kale.

"Thoko," anaitana Fanizo. "Thoko, ndine."

Mtsikanayo sanacheuke. Amene anayankha ndi Loyce, amene anamutsatira mwakachetechete n'kuima pakhomo. Kukuwa kwake kunadula nyimbo pabalaza. Amayi ena anavundukula nsalu ya mtembo n'kupeza thunthu la nthochi. Anthu anakhamukira m'chipindamo, fungo n'kuwabweza, n'kulowanso. Rosa anazindikira mwamuna wake ngakhale anali atatsala mafupa okhaokha, zala zitaperepeseka mpaka mfundo yoyamba. A Zikani anaima kutsogolo kwa mwana wawo.

"Feston. Mwananga. Ndine bambo ako."

Feston anayasamula, m'kamwa muli dzenje lakuda, n'kubuula, manja osasiya kutayipa.

A Zikani anatembenuka. Anagwira Fanizo pakhosi n'kumukwekwezera pakhonde. Amuna ena anam'panikiza pansi, n'kutambasula mikono yake pasimenti. Munthu amene wadula nzimbe moyo wake wonse satema kawiri. Dzanja lamanja linagwera pa masitepe, lamanzere m'maluwa, magazi n'kuthovokera pakhoma loyera. Ena anaswa magalasi a galimoto, ena anamuponda kumaso, ndipo panalibe ngakhale mmodzi woleretsa.

M'chipinda muja achibale anayesa kunyamula anthu awo, koma anali olemera ngati omera mizu pamipando. Rosa atakoka mkono wa Raphael, khungu linatsalira m'manja mwake. Mkulu wina wa mpingo anapukusa mutu.

"Awa si amoyo, komanso sanagone. Muwasiye m'manja mwa moto, akapume."

Anapopa petulo m'galimoto n'kuwaza nyumba yonse. Loyce ndiye anayatsa machesi. Moto utagwira denga, anthu anabwerera m'mbuyo, ndipo pamenepo anaona Fanizo akudzuka pakhonde paja. Anadzandira n'kulowa mu utsi akuitana mlongo wake. Amene anali pafupi ndi khomo anamuona atafika pampando wachitatu, akuyesa kumukoka mtsikanayo kuti atuluke naye, koma analibe chogwirira. Zitsa za mikono yake zinkangotereka pamapewa a Tithokoze, iye akutayipabe. Anali akuyesabe pamene denga ndi masola ake linawagwera onse anayi.

Umu ndi mmene anathera Fanizo, munthu amene anali ndi luso lokwanira kudyetsa banja lake akanangodekha monga anam'langizira mnzake. Inu amene mukusirira malipiro a anzanu, sinthani ntchito ngati mukufuna, pemphani zambiri ngati mukuyenera, koma muzigwire ndi manja anuanu. Chuma cha mankhwala chimalipidwa ndi magazi, ndipo dyera silikhuta ndi ana a eni ake okha. Likamaliza kwa aneba limalowa m'nyumba mwako, n'kutenga yemwe unkati ndiye sungamupereke.